Mbewu ya ku Chipatala

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chimene sindikhazikikira mwezi wa Novembala ukafika. Mumandiona ndikutuluka, kulowa, kutulukanso, maso ali ku phiri la Michesi ngati ndikuyembekezera mlendo. Pakamwa sindingakuyankheni bwino, mukudziwa kuti kuyankhula kunandikana kalekale. Ku sekondale anzanga ankanditcha Kachetechete, ndipo zimene ndinkalephera kunena m'kalasi ndinkakazilemba kumapeto kwa kope langa la masamu. Chizolowezi chimenecho sindinachisiye. Tsopano poti ndinapuma ntchito ndipo manja akusowa chogwira, ndakhala pansi kuti ndikuyankheni mwa njira yokhayo imene ndimaidziwa. Za ubwana wanga ndizidumpha, munazimva kwa agogo anu. Ndiyambira pamene ndinavala yunifolomu yoyera.

1994, Kaduya

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino inali pa kachipatala ka mishoni m'dera la Kaduya. Panali nyumba zochepa za njerwa zootcha, mjigo, ndi chisakasa cha malata kuseri kumene odikirira odwala ankaphikira. Odikirirawo tinkawatcha magadiyani. Mkulu wa pamalopo anali a Chimenya, bambo woonda wa magalasi omanga ndi ulusi, amene ankayenda ngati wina akuwathamangitsa. Namwino mnzanga anali mmodzi yekha, mayi Likoswe, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri. Tsiku loyamba a Chimenya anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku kachipewa, n'kufunsa kuti, "Mumatha kukana?" Ine ndinati, "Kukana chiyani, bwana?" Iwo anati, "Kumukana munthu akulira." Ndinayang'ana pansi. Anapumira m'mwamba nati, "Anditumizira nkhunda. Tamverani, mwana wanga. Pano si pa boma. Mankhwala ali m'kabatimo tinagula ndi zimene analipira odwala a mwezi watha. A mwezi uno akapanda kulipira, a mwezi wa mawa tidzangowapatsa pemphero. Ine sindine wouma mtima, koma ndimaoneka choncho, ndipo inunso muzioneka choncho."

Kuoneka choncho sindinakuphunzire, koma ndinaphunzira zina zimene kusukulu ya unamwino sanatiuze. Munthu akagona pa bedi, funso lake loyamba silinali lakuti ndichira kodi, linali lakuti zikwana zingati. Anthu ankabwera mochedwa, matenda atakula, chifukwa ankayamba ayesa kaye masamba, kenako mapiritsi a pa golosale, kenako kudikira kuti mwina zitha zokha. Nandolo akagulitsidwa, khonde lathu linkadzaza ndi matenda akalekale amene anthu ankawasunga ngati katundu. Nandolo akatha, pankakhala zii, ngati dziko lonse lachira. Ena ankabwera ndi nkhuku m'khwapa, ena ndi dengu la makaka, ndipo a Chimenya ankalusa kuti, "Nkhuku imeneyi ndikwere nayo basi, ndikagule nayo penisilini ku Limbe?" Koma ikafika nthawi yowerukira, nkhukuyo inkakhala itamangidwa ku mtengo wa mango, wodwala ali pa bedi. Bambo wina wokalamba anandichonderera pa zenera la mankhwala kuti, "Anesi, ndipatseni a masiku awiri okha. Enawo ndisungireni, ndidzatenga mbuzi yanga ikaswa." Ndinayesa kuwafotokozera kuti mankhwala amenewo samwedwa theka. Anandimvetsera mwaulemu mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndamva, mwana wanga. Ndiye ndipatseni a masiku awiriwo."

Zosowa nazo zinali zambiri. Mabandeji tinkachapa, kuwiritsa, n'kuwakulunganso. Magolovesi tinkawayanika pa chingwe, ndipo mphepo ikawomba ankagwedera ngati timanja ta ana tikupempha kanthu. Thonje likatha tinkang'amba nsalu zakale za pa bedi. Zonsezi sizinkandisowetsa mtendere kwenikweni. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali mvula.

1996, mvula yobzalira

Chaka chilichonse mitambo ikayamba kuunjikana pamwamba pa Michesi, wodi yonse inkasintha. Odwala amene dzulo lake sankatha kudzuka unkawapeza ali pa zenera. Magadiyani ankasiya mapoto pamoto n'kumakaima pabwalo, mphuno zili m'mwamba. Chizimalupsa sichinkawanyenga, ankachidziwa. Koma ikagwa yeniyeni, yolowa m'nthaka, mmawa wake mabedi ankakhala opanda anthu, mabulangete atapindidwa bwinobwino ngati kupepesa. Sankathawa chifukwa chodana nafe ayi. Munthu wa kuno amadziwa kuti akaphonya chinyontho choyamba waphonya chaka chonse, ndipo tsiku lililonse pa bedi lathu linkamudyera kawiri: zolipira zinkakwera, munda uli chigonere.

Chaka chimenecho anatithawa bambo wina wa chibayo, jakisoni asanathe. Anabwera nayenso mu Januwale atamugoneka pa chitseko chomangirira pa njinga ziwiri, ndipo sanafike madzulo. Mkazi wake polira ankangobwereza kuti, "Koma chimanga chamera bwino, chamera bwino." A Chimenya anagula loko n'kutseka kageti ka kuseri kwa chisakasa, kiyi n'kumasunga namwino amene ali pa ntchito. Anthu anaboola mpanda wa minga pambali pake. Iwo anatseka pobowokapo, anthu anaboola pena.

Ndinaonanso kuti nyengo imeneyo mabanja sankatumiza munthu wamphamvu kudzadikirira wodwala. Gadiyani ankasankha amene sangathe khasu: nkhalamba, wolumala, kapena mayi wa pakati potopa. Amphamvu onse ankatsala kumunda. Ichi muchisunge, chifukwa nkhani ikubwerayi yagona pamenepa.

1999, Novembala

Mayi Mwahiya anabwera kuchokera m'mudzi wina wa m'tsinde mwa Michesi. Anali wamasiye, wa ana atatu aang'onoang'ono, ndipo Chichewa chawo chinkakwera ndi kutsika ngati Chilomwe cha makolo awo. Khasu linawatema pa phazi akumaliza mizere. Anamangapo masamba ndi kansalu n'kupitiriza kulima, poopa zolipira. Pofika kwa ife mwendo unali utatupa mpaka m'bondo, ndipo fungo linkalowa m'chipinda iwo asanalowe. A Chimenya atatsuka chilondacho anavula magalasi awo n'kunena kuti, "Mayi, jakisoni mmawa ndi madzulo, chilonda kutsuka tsiku lililonse, ndipo phazi ili lisaponde pansi. Mukakalowa nalo m'matope, mwendo uwu akakudulani ku chipatala chachikulu, ngati mukafikeko muli moyo." Gadiyani wawo anali mng'ono wawo, a Rozina, amene anali ndi pakati pa miyezi yothaitha, moti kuwerama kuti akoleze moto inali ntchito.

Ngakhale ankamva ululu, mayi Mwahiya anali munthu wa nthabwala. Mmawa uliwonse ankandilonjera kuti, "Moseliwa, anesi a manyazi?" Ndikawabaya jakisoni ankati, "Inu mumabaya ngati mukupepesa. Bayani zenizeni, matako awa anaona zambiri." Wodi yonse inkaseka, ine nkhope ili pansi. Potsuka chilonda, kuti asamve kupweteka, ankandisimbira za munda wawo, makamaka za mbewu yawo. Chinali chimanga cha makolo, choyera, cholimba, chimene amayi awo anabwera nacho kuchokera kutsidya kwa malire. Ankati mumtondo sichiphwanyika, ndipo anankafumbwe amachilumira mano. Chaka chilichonse ankasankha ngala zabwino koposa n'kuzipachika pa denga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uzizisunga. "Zikundidikira," ankatero. "Mizere ndinamaliza. Changotsala n'kuponya basi."

Sabata yoyamba itatha, a Chimenya anaitana a Rozina n'kuwauza kuti pafunika kulipirako kanthu kuti jakisoni apitirire. A Rozina anapita kumudzi, tsiku lotsatira anabwerako ndi ndalama zomanga pa nsonga ya chitenje. Kalaliki kunalibe tsiku limenelo, ndiye ndinalandira ndine. Sindinafunse kumene zachokera. Sitinkafunsa.

Kenako mitambo inayamba. Masiku angapo kunkatentha kosapumitsa, kukuda ku phiri, kugunda, n'kuyeranso. Palibe amene ankagona tulo tabwino. Mayi Mwahiya anasiya nthabwala. Ankangoti, "Anesi, takankhirani bedi ili ku zenera." Phazi linali litayamba kuphwa, mafinya akuchepa, koma chilonda chinali chidakali chotseguka, chofiira ngati nyama ya pa msika. Lachinayi masana mphepo inabwera ndi fungo lija la dothi lonyowa, ndipo isanathe nthawi yaitali malata anayamba kulira moti sitinkamvana. Inagwa yeniyeni. Itadukiza ndinalowa mu wodi ndi thireyi ya jakisoni, n'kupeza mayi Mwahiya atakhala tsonga, akumanga katundu wawo m'chitenje.

Ndinawafunsa kuti, "Mukupita kuti, mayi?"

Anati, "Musafunse zimene mukuzidziwa. Kiyi wa kuseri uja ali m'thumba mwanu, ndamumva akulira. Pa mpanda sindingadutse ndi phazi ili. Nditsegulireni."

"Mwendo wanu sunapole. Mwamva zimene ananena a Chimenya."

"Ndinamva. A Chimenya amalandira pa mwezi." Anamanga mfundo n'kuikoka ndi mano. "Anesi, munthu wa mwendo umodzi amadya. Ndinawaonapo, amayenda ndi ndodo, amadya. Koma ana atatu opanda chimanga ndidzawapatsa chiyani? Ndidzawaphikira mwendo wopolawo? Mchimwene wanga ali ku Chilwa ku nsomba, sabwera mpaka Khirisimasi. Amayi ndi okalamba, maso anatha. Uyu," analoza a Rozina, "ngakhale zala zake za kumapazi sakuziona. Aliyense m'mudzi mawa ali m'munda mwake. Wanga abzala ndani?"

Ndinaima ndi thireyi m'manja. Ndinakumbukira bambo wa pa chitseko uja. Sindikudziwa kumene mawu anachokera, chifukwa sindinawakonze. Ndinangodzimva ndikunena kuti, "Ndikakubzalirani ine."

Mayi wina wa pa bedi la pakona anaphulika kuseka. Mayi Mwahiya anagwira dzanja langa n'kulitembenuza uku ndi uku. "Ndi timanja iti? Tonunkhira sopo?"

"Ndinakulira pa khasu, mayi. Fizi yanga inachokera m'munda."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Chabwino. Mawa dzuwa likamalowa mubwere ndi dothi la m'munda mwanga m'zikhadabo zanu. Ndimalidziwa. Mukabwera manja ali oyera, ndipita ndekha, ngakhale chokwawa." Kenako anatembenuka n'kukweza chitenje. "Bayani."

Nditatuluka, a Rozina ananditsatira mpaka pa mjigo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona kuti, "Anesi, mukabzala chiyani?" Ndinati, "Ngala zija zili pa denga." Anagwira pamimba pawo ndi manja awiri, misozi ili mbwee. "Kulibe. Ndalama zija ndinakupatsani zija ndi zimenezo. Nkhuku zinatha ndi chitopa, mbuzi tilibe. M'nyumba monse chimene anthu akanagula nthawi ino ndi mbewu basi. Ndinatsitsa zonse, ndinagulitsa kwa anthu a pa msika. Achemwali sakudziwa. Akadziwa andipha, ndipo pano sagonanso. Chonde musawauze."

Ndinakhala pa simenti ya mjigo, yunifolomu ikunyowa. Jakisoni amene ndinali nditangobaya kumene anali chimanga cha amayi awo, chodutsa malire pamutu. Ndinalonjeza kubzala munda umene mbewu yake ndinailandira ndekha ndi manja anga n'kuitsekera m'kabati.

Malipiro anali kutali, ndipo ngakhale ndikanakhala ndi ndalama, sitolo ya mbewu inali ulendo wa tsiku lathunthu. Malo okha amene munali chimanga pafupi munali m'chisakasa cha magadiyani. Amene odwala awo ankakhalitsa sankabwera ndi ufa wokha, ankabweranso ndi chimanga chosakonola, n'kumasinja pang'onopang'ono mumtondo wa pamenepo. Ndinapita n'kukaima pakhomo. Utsi unali tolo, amayi akukupiza moto wa nkhuni zonyowa. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinatsegulanso. Amene anandiona anali mayi Sayenda, mayi wa geni ya nsomba zouma, wa mawu ngati lipenga, amene ankadikirira amuna awo a chifuwa.

Anakuwa kuti, "Tatontholani inu! Anesi a manyazi akufuna kuyankhula. Zimenezi zimachitika kamodzi pa chaka ngati Khirisimasi."

Ndinafotokoza, mawu akuduka, maso ali pa mapazi anga. Ndinawapempha kuti zisafike mu wodi. Mayi wina anati, "Ife tabwera ndi ufa, anesi. Mukabzala ufa?" Ena anaseka, koma kuseka kwake kosafika patali. Wina anati, "Nafenso minda yathu ili chigonere. Ife atibzalira ndani?" Mayi Sayenda anatola lichero, anamasula thumba lawo n'kutapamo kawiri ndi manja onse. Kenako anayamba kuzungulira. "Inu a Nambewe, musabise thumbalo ndi msana, ndaliona. Inu amake Joni, dzulo munabwereka mchere wanga, bwezani ndi chimanga." Mtsikana wina wa mwana wodwala malungo anatapa kadzanja kamodzi nati, "Ili linali phala lake la mawa." Mayi Sayenda anati, "Bwezera, mwanawe." Iye anakana, anathira. Gogo wina analibe chimanga, anaponyamo nandolo ndi nthanga za maungu. Lichero litabwerera kwa ine munali zoyera, zachikasu, zofiirira, za mawangamawanga, zazikulu ndi zazing'ono, mbewu za midzi yosiyanasiyana zimene sizinakumanepo m'munda umodzi.

Chinatsala chinali a Chimenya. Ndinawapeza akutseka ofesi. Anandimvetsera kiyi ali m'manja.

Anati, "Ayi. Mayi Likoswe agwira usiku uno. Mawa masana ndi inu. Anamwino ndili nawo awiri, osati atatu."

"Ndikabwerako madzulo ndidzagwira usiku, bwana, ndi usiku winawo."

"Nanga masana odwala adzadzibaya okha? Munaphunzira unamwino kapena ulimi?" Anatsitsa mawu. "Tamverani. Mawa abwera wina amene denga lake lasasuka ndi mphepo. Mukafolera? Wina ng'ombe yake yathawa. Mukaisaka? Aliyense wagona umu wasiya kanthu kakuwonongeka kwawo. Ife ntchito yathu imathera pa geti. Mukatuluka pa geti limenelo nthawi ya ntchito, ndidzawauza eni chipatala, ndipo simudzandiimba mlandu."

Zonse zimene ananena zinali zoona. Ndinaziyeza mbali zonse, ndipo mbali zonse zinkalemera. Ndikakhala, mayi Mwahiya akanadutsa pa minga ndi phazi lotseguka, n'kukapeza denga lopanda kanthu. Ndikapita, ndikanasiya wodi m'manja mwa mayi amene sanagone, ndiponso ntchito imene bambo anga anaigulitsira ng'ombe yawo yokhayo. Kutacha ndinatsuka chilonda cha mayi Mwahiya, ndinawabaya jakisoni, ndinagawa mankhwala a mmawa kwa onse. Kenako ndinakagogoda kwa mayi Likoswe. Anatsegula chitseko, maso ali psuu. Nditawauza, anangotenga kachipewa kawo pa msomali n'kundidutsa. Ndinavula yunifolomu, ndinamanga chitenje.

Pa geti ndinapeza mayi Sayenda atagwira njinga ya amuna awo, khasu atamangirira pa chitsulo. "Mumaganiza kuti mupita nokha? Mungakabzale m'manda osadziwa. Abambo ndawasiyira phala, akakhosomola akhosomole. Kwerani, ndipo musandigwire m'nthiti, ndimaseka." Tinayenda m'matope, pena kukwera, pena kukankha. M'minda monse munali anthu owerama, palibe amene anadzutsa mutu. Amayi awo a mayi Mwahiya, nkhalamba yosaona bwino, anatilondolera ku munda atagwira phewa la kamdzukulu. Anapisa dzanja m'thumba la mbewu, anazipapasa ndi zala, anatafunako imodzi. Anadziwa kuti si mbewu yawo ija. Anangotiloza malire: kuyambira pa chulu mpaka pa mwala waukulu.

Mayi Sayenda ankatema mapando, ine pambuyo ndikuponya ndi kukwirira ndi chidendene. Nandolo tinkaponya apo ndi apo, maungu m'mbali mwa chulu. Msana unayamba kuyaka dzuwa lisanafike pamutu. Anthu a minda yoyandikana ankafunsana mokweza kuti aganyu achilendowa achokera kuti, ndipo mayi Sayenda ankawayankha kuti, "Awa ndi anesi, akubaya nthaka jakisoni! Bwerani akubayeni nanunso!" Dzuwa litapendeka, amayi awiri amene anali atamaliza kwawo anawoloka malire ndi makasu awo n'kuyamba mzere wina. Ngakhale zinali choncho sitinamalize. Mbewu inatithera tisanafike pa mwala, ndipo chigawo cha kumtunda chinatsala chopanda kanthu.

Tinafika pa chipatala dzuwa lili pafupi kulowa. Tsikulo silinayende bwino. Mayi wina anachirira pakhonde chifukwa mayi Likoswe anali ndi mwana wokomoka ndi malungo, ndipo a Chimenya ankasoka munthu wovulala. Mwana wina diripi inachoka m'malo, mkono n'kutupa, palibe anaona msanga. Onse anakhala moyo, koma zikanatha kupita kwina, ndipo zimenezo sindizichepetsa. A Chimenya anakumana nane pakhonde, anayang'ana matope a m'miyendo mwanga, nati, "Kasambeni, mulowe ntchito." Ndinati, "Ndisamba, bwana, koma ndione kaye wodwala mmodzi."

Mayi Mwahiya anali atakhala m'mphepete mwa bedi, katundu ali pamiyendo, ndodo ili pambali. Ndinawatambasulira manja. Anawagwira, anayang'ana m'zikhadabo, anakanda pang'ono n'kununkhiza. "Ndi langa," anatero. "La kumunsi kwa chulu." Anamasula mfundo ya katundu uja, anagona, anakweza phazi pa pilo. "Mwaponya zingati pa phando?" Ndinawauza. "Hm. Mwawononga mbewu yanga, koma basi." A Rozina anatuluka panja msangamsanga.

Anakhala mpaka chilonda chinatsekeka. Chala chimodzi cha phazilo a Chimenya anachichotsa, koma mwendo unatsala. Zolipira zotsala anadzamaliza mchimwene wawo uja atabwera ku Chilwa, ndipo ndinamva kuti anagulitsa ukonde wake.

2000, Chiwalo

A Chimenya anachita zimene ananena. Chaka chitangoyamba eni chipatala anandiuza mwaulemu kuti ndikayese kwina. Mayi Likoswe anali atayambanso kundiyankhula, koma mawu a ntchito okhaokha. Tsiku lonyamuka a Chimenya anandipatsa sizasi yawo yodulira mabandeji nati, "Munalakwa. Mukadzakhala mkulu wa chipatala mudzaona kuti munalakwa." Anapukuta magalasi awo nthawi yaitali. "Koma mwendo uja ndinali nditauwerengera kale kuti wapita."

Ndinapeza malo pa chipatala chaching'ono cha boma ku Chiwalo. Ndinapita ndi mtima wopepuka, ndikuti kumeneko sindidzalandiranso ndalama ya munthu wodwala. Zoona, sindinalandire. Koma kabati nthawi zambiri inkakhala ndi panado yekha, ndipo ntchito yanga inasanduka kulemba dzina la mankhwala pa kapepala kuti munthu akagule yekha. Wofunika kupita ku chipatala chachikulu ankauzidwa kuti ambulansi ilibe mafuta, apeze njira. Kumeneko akafika, gadiyani wake ankafunika ufa, nkhuni, sopo, ndi wina wotsala ndi ana. Ndinaona njinga zikugulitsidwa, malata akuchotsedwa pa denga, chimanga chikugulitsidwa chidakali chachiwisi m'munda. Ndinazindikira kuti ngakhale pa chipatala chaulere wodwala amalipira ndithu, kungoti salipira kwa ife. Ndipo mvula yobzalira ikagwa, mabedi a ku Chiwalo nawonso ankakhala opanda anthu.

Tsiku lina m'nyengo yokolola ndikuyeza ana sikelo pansi pa mtengo, ndinamva mawu kumbuyo kwanga akuti, "Moseliwa, anesi a manyazi?" Anali mayi Mwahiya, akutsika pa njinga ya mchimwene wawo. Ankatsimphina pang'ono, koma ankayenda ndi miyendo yawo iwiri. Anakhala pa benchi, anamasula kamtolo, n'kuyala ngala pa chitenje. Ina inali yoyera, ina yachikasu, ina yofiirira, ina mitundu yonse pa chitsononkho chimodzi.

Anati, "Tandiuzani. Ndani anabzala m'munda mwanga ngati wamisala? China chachitali kuposa nyumba, china chofika m'chiuno. China chikucha, chinzake chisanamasule n'komwe. Anthu odutsa ankaima n'kumaseka."

Ndinayang'ana pansi. "Pepani, mayi."

"Ndinadziwa tsiku lomwe ndinafika, nditangolowa m'khitchini n'kuyang'ana kudenga. Ndinakhala pansi ndinalira ngati maliro. Rozina ndinamutukwana mpaka ndinatopa, kenako anachira mwana wamwamuna, ndiye ndinasiya." Anatola ngala imodzi n'kuipukuta ndi chikhatho. "Cha amayi chija chinapita. Ndinafunsa pa msika ponse, amene anagula anadya. Sichidzabweranso." Anabwezera ngala ija pa chitenje. "Ichi sichinadzaze nkhokwe. Tidya mpaka mwina mwezi wa khumi, kenako ganyu. Koma ana adya, ndipo ganyuyo ndikayenda ndekha. Ndasankha zabwino ndapachika pa denga. M'mudzi akuchitcha cha ku chipatala. Izi ndi zanu. Musakazinge, mwamva? Ndi mbewu."

Lero

Ndinagwira ntchito zaka zambiri pambuyo pake, m'zipatala zina za m'boma lathu lomweli, ndipo kumapeto ndinakhaladi mkulu wa anamwino pa malo ena. A Chimenya sananame. Namwino wanga akanandisiyira wodi n'kupita kukabzala, sindikudziwa chimene ndikanamuchita. Zina zinasintha, amayi oyembekezera ambiri salipiranso ngakhale ku mishoni, koma wa shuga, wa chilonda, wofunika opaleshoni, akugulitsabe zimene ali nazo. Mvula yoyamba ikamanunkhira, ine mtima umakhala mu wodi. Ndimaona wina atakhala tsonga akumanga katundu m'chitenje, ndipo ndimadziwa kuti palibe amene akamubzalire. N'chifukwa chake ndimatuluka ndi kulowa.

Chimanga cha mawangamawanga chimene mumachiseka kuseri kwa nyumba, chimene mumati ndichisiye ndizibzala cha m'sitolo chokha, ndi chomwecho. Ndachibzala chaka chilichonse, kulikonse kumene ankanditumiza, ngakhale pa kamunda kongokwana mphasa. Tsopano miyendo yanga yayamba kutupa ndipo mapiritsi a mtima akukwera mtengo mwezi ndi mwezi. Tsiku lidzafika limene mmodzi wa inu adzaitanidwa mu ofesi n'kuuzidwa kuti pafunika kulipirako kanthu. Mudzagulitse wailesi, makina osokera, njinga ya bambo anu, ngakhale malata a khonde. Ngala zimene zili pa denga la khitchini musadzazitsitse. Ndipo mvula ikadzagwa ine ndili pa bedi, mmodzi atsale nane, winayo apite akabzale, adzandionetse zikhadabo.